KULERA TIAGARU: KAMODZI KAPENA TIWIRI?

Mau a Mlangizi wa Ziweto kwa alimi a kwa Mfumu Magodi

 Masiku onse tikasonkhana cotere timakamba za ng'ombe, za dipi, za msipu ndi za citopa ca nkhuku. Lero tikambe za ciweto cimene cipezeka pafupifupi pa khomo liri lonse, koma sitimaciwerengera pamodzi ndi zinzace. Ndinena garu, amene m'Citumbuka ca kuno mumati ncheŵe.

Funso lace ndi ili. Garu wa mnansi akaswa, mwini wace nati, "Dzatengeni tiana," kodi munthu atenge kamodzi kapena tiwiri? Ambiri amatenga tiwiri. Amati kamodzi kadzalira usiku cifukwa cosowa mnzace, ndiponso kamodzi kakafa kena kadzatsala. Ena amakumbutsa mwambi uja wakuti ici nciani nkulinga muli awiri. Maganizo amenewa si opusa ai, ndipo ndidzawayankha limodzi-limodzi. Koma uphungu wanga ndiunene poyamba pomwe, kuti amene adzacoka msonkhano usanathe apite nao: tengani kagaru kamodzi, kalereni kufikira kakwanitse caka, ndipo pamenepo, ngati nkhokwe ilola, tengani kaciwiri.

NCHITO YA GARU PA MUDZI

Tiyambe ndi kudzifunsa cimene tisungira garu. Dziko lino la kwa Magodi, limene linali m'boma la Lundazi kufikira 2018 pamene boma la Chasefu linapatulidwa, ndi dziko la alimi a cimanga, nshawa, soya, fodya ndi thonje. Usana apusi ndi anyani alowa m'munda, usiku nguluwe. Fisi ayenda kuseri kwa khola la mbuzi, nkhandwe isuzumira nkhuku, ndipo wakuba adziwa njira ya ku nkhokwe ndi ya ku cigafa. Pa zonsezi mlimi afuna mlonda amene sapempha malipiro.

Koma mlonda ayenera kumva mau a mwini mudzi. Garu wabwino ndiye amene akaitanidwa abwera, akaletsedwa aleka, ndipo usiku agona pa khomo. Garu wosamvera, ngakhale akhale wamkuru ndi waukali cotani, ndi cirombo cimene mukucidyetsa ndi manja anu. Cifukwa cace funso lathu leni-leni ndi lakuti: kodi ndi njira iti mwa ziwirizi imene itipatsa garu womvera?

MASABATA OYAMBA A KAGARU

Garu wamkazi akhala ndi bere masiku ngati 63. Tiana tibadwa tosaona ndi tosamva, ndipo maso atseguka patapita masabata awiri. Kuyambira sabata lacitatu kufikira sabata la 12, mtima wa kagaru uli wofewa monga dothi la mbiya lisanaume. Cimene kakhala naco nthawi imeneyo, kaya ndi munthu, kaya ndi mbuzi, kaya ndi garu mnzace, ndico kadzaciyesa mbale wace moyo wace wonse.

Izi zinayesedwa ndithu. Ku Bar Harbor, m'dziko la America, akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, analera tiagaru tambirimbiri zaka zoposa 10 nalemba makhalidwe a kali konse, ndipo buku lao linaturuka mu 1965. Pa malo omwewo panaoneka kuti kagaru kamene kafika masabata 14 kasanagwiridwe ndi munthu kamakhala kamantha ndi kobvuta kuweta. M'dziko lomwelo, ku San Rafael, kumene aphunzitsa agaru kutsogolera anthu akhungu, Clarence Pfaffenberger anapeza kuti tiagaru timene tinacedwa m'khola pamodzi ndi tinzao titapitirira masabata 12, m'malo mopita kukaleredwa m'nyumba za anthu, tambiri tinalephera nchitoyo titakula.

Tibwere kuno kwathu ku Africa. Ku Namibia alimi a mbuzi anali kutaya ziweto zambiri cifukwa ca zirombo. Kuyambira 1994 bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupereka kwa alimi tiagaru ta mtundu waukuru wocokera ku Turkey. Kagaru kaikidwa m'khola la mbuzi kakali kakang'ono, kagona ndi mbuzi, kadzuka ndi mbuzi, ndipo pokula kapita nazo ku msipu ndi kuziteteza monga abale ace. Palibe mankhwala pamenepo. Nzeru yace ndi imodzi yokha: garu akonda cimene anakulira naco.

Tsono taganizani za tiagaru tiwiri ta bere limodzi pa khomo panu. Inu mulawira ku munda mbandakuca, mubwera dzuwa litapendeka. Ana ali ku sukulu. Tiagaru tija tatsala tokha, tisewera pamodzi, tigona mounjikana, ndipo timvana cilankhulo. Kodi tidzaika mtima pa yani? Mukaitana kamodzi, kayamba kayang'ana mnzace kuti kaone ngati iye apita. Kawirikawiri kamodzi kakhala kolimba mtima, kena kangotsata pambuyo. Tsiku limene mwatilekanitsa, kotsatira kaja kalira kosaleka, nthawi zina kakana ndi cakudya comwe. Imeneyi si nthenda, ndipo sicitika pa tiagaru tiwiri tiri tonse. Koma ophunzitsa agaru aiona kawirikawiri, ndipo magwero ace ndi oonekeratu: malo amene mwini garu anayenera kukhala mu mtima mwa kagaru atengedwa kale ndi mbale wace.

ZA CAKUDYA

Kagaru kakula msanga, ndipo nsima yokha simanga thupi lace. Kafuna phala la mgaiwa kapena la gaga losakaniza ndi mitu ya kapenta, mkaka, dzira, kapena soya ndi nyemba zophika bwino. Kufikira miyezi 3 kayenera kudya kanai pa tsiku, kufikira miyezi 6 katatu, ndipo pambuyo pace kawiri. Madzi abwino asasowe.

Anthu ambiri atenga tiagaru nthawi ya masika, mu Juni kapena Julayi, pamene nkhokwe ziri zodzaza ndipo cakudya ca garu sicioneka ngati kanthu. Tawerengani miyezi. Pofika Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa uyesedwa ndi kambale ndipo ana omwe adya kamodzi, tiagaru tija takwanitsa miyezi 7 kapena 8, ndiyo nthawi imene garu adya koposa. Banja limene likadatha kudyetsa garu mmodzi lilephera awiri. Ndipo garu wanjala adzifunira yekha: ayamba mazira, atsata anapiye, abvundukula miphika ya eni ace, agwetsa ndi cimanga caciwisi ca m'munda wa mnansi. Garu akalawa dzira kamodzi, kumuletsa ndi nchito yaikuru.

Onaninso cimene cicitika mukaika cakudya m'mbale imodzi. Kamphamvu kadya zonse, kofooka kanyambita mbale. Pakutha miyezi iwiri muli ndi kagaru kamodzi konenepa ndi kaukali pa cakudya, ndi kena koonda ndi kamantha. Awiri onsewo si alonda.

KODI KAMODZI KAKAFA KENA KADZATSALA?

Mau amenewa akadakhala oona cikhala kuti tiagaru tikufa ndi ngozi zokha. Koma zimene zipha tiagaru kwambiri ndi matenda opatsirana. Ilipo nthenda yosanza ndi kutsegula m'mimba magazi, imene madokotala a ziweto aiti parvo, ndipo inafalikira pa dziko lonse mu 1978. Kagaru kamodzi kakaigwira, kena kamene kadya ndi kugona nako sikapulumuka kawirikawiri, ndipo kacirombo kace kakhala m'dothi la pa bwalo miyezi yambiri. Njoka za m'mimba nazo tiana tizitenga kwa mai wao, zina tisanabadwe, zina poyamwa. Motero tiwiri ta bere limodzi tiri nazo tonse. Utitiri, nkhupakupa ndi mphutsi za pa khungu sizisankha.

Cimene cipulumutsa kagaru ndi katemera, mankhwala a njoka, ndi pogona pouma ndi posesa. Zimenezi zifuna ndalama ndi ulendo, ndipo pa tiwiri mtengo wace ndi wowirikiza. Kuli bwino kagaru kamodzi kolandira zonse koposa tiwiri togawana theka-theka.

CIWEWE

Apa ndipempha kuti mumvetsetse, pakuti pali moyo wa ana athu. Bungwe la World Health Organization liwerengera kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 ogwidwa ndi nthendayi, ofika 99 aitenga kwa garu, ndipo mwa akufa 10 ali onse, 4 ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikaoneka pa munthu, palibe cipatala cimene cingamuciritse. Komatu katemera wace alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi garu wa ciwewe.

Kodi izi zikhudzana bwanji ndi nkhani yathu? Garu mmodzi wokhuta ndi wozolowera anthu akhala pafupi ndi nyumba. Agaru awiri a msinkhu umodzi alimbitsana mtima, nayenda kutali, ku madambo ndi ku thengo, kumene akomana ndi nkhandwe ndi agaru osadziwika mwini. Kuno tiri pafupi ndi malire a boma la Mzimba la ku Malawi, ndipo garu sadziwa malire a dziko. Nthenda iyenda mbali zonse ziwiri. Ndiponso tsiku la katemera, garu mmodzi wozolowera cingwe angapite naye ngakhale mwana wa sukulu, koma agaru awiri osagwirika atsala ku mudzi osabayidwa.

Lamulo la dziko lino, la Control of Dogs Act, Mutu 247 wa Malamulo a Zambia, lifuna kuti garu alembetsedwe ndi kulandira katemera wa ciwewe. Kagaru kabayidwe pa miyezi 3, ndipo kabwerezedwe caka ndi caka. A za ziweto akabwera pa mudzi ndi katemera, turutsani ndi tating'ono tomwe. Akatswiri apeza kuti agaru 7 mwa 10 ali onse a m'dera akabayidwa, ciwewe cisowa poyenda. Tsiku la 28 Seputembala caka ciri conse ndilo lokumbutsa dziko lonse za nthendayi.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi garu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati adwala. Garuyo mummange, mudziwitse a za ziweto, ndipo ayang'aniridwe masiku 10.

AKAKULA

Mabvuto ena aoneka pakati pa miyezi 6 ndi caka, pamene tiagaru tisanduka agaru. Awiri a msinkhu umodzi ndi mphamvu zolingana sagonjerana msanga. Amphongo awiri alimbana, ndipo aakazi awiri nthawi zina alimbana koposa, mpaka kubvulazana kwambiri. Mukatenga wamphongo ndi wamkazi, garu sadziwa cibale: wamkaziyo angatenge bere la mlongo wace asanakwanitse caka, ndipo m'malo mwa agaru awiri mudzakhala ndi khamu losowa cakudya.

Cinanso ndi ici. Kagaru kamodzi kakathamangitsa mwana wa mbuzi, mukakadzudzula kaleka. Tiwiri tikathamangitsa, kamodzi kadzera uku kena uko, ndipo masewera asanduka ulenje. Inu mafumu mudziwa milandu yotere, ya mbuzi yolumidwa ndi nkhuku zogwidwa. Wolipa ndi mwini garu, pakuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Ndipo cibale ca pa mudzi cikaonongeka cifukwa ca garu, sicikonzeka ndi mbuzi imodzi ya malipo.

Kumbukiraninso kuti agaru obadwa tsiku limodzi akalamba pamodzi. Idzafika nthawi imene onse awiri mano atha ndipo makutu agontha, mudzi nukhala wopanda mlonda. Koma mukasiyanitsa zaka zao, nthawi zonse pakhala mmodzi wamphamvu. Ndipo wamng'ono aphunzira kwa wamkuru kumene malire a bwalo ali, amene ali wa pa mudzi ndi amene ali mlendo, ndi kuti nkhuku sizigwidwa. Garu wamkota sakandira pacabe, ndipo kagaru kamene kakulira pambali pace kapeza mphunzitsi waulere. Apa ndi pamene mwambi uja wa kulinga muli awiri ugwira nchito: awiri athandizana pamene mmodzi wa iwo adziwa kanthu.

KALEREDWE KA KAGARU KAMODZI

Nanga za kulira usiku? Ndi zoona, kalira, koma masiku owerengeka okha. Citani izi:

1. Musakacotse kwa mai wace kasanakwanitse masabata 8. Kwa mai ndi kwa abale ace ndi kumene kaphunzira kusaluma kolimba.

2. Tengani ciguduli kapena thumba limene kanagonapo kwao, ndipo mukayalire pamalo pofunda pafupi ndi anthu, monga pa khonde kapena m'khichini. Ngati mufuna garu wa mbuzi, kagone ku khola pamodzi ndi ana a mbuzi, pamalo pamene zazikuru sizingakaponde.

3. Kapatseni dzina lalifupi. Maina aatali aja otumizira mau kwa anansi akondweretsa mwini wace, koma garu amva msanga dzina la mau amodzi.

4. Kaphunzitseni pang'ono-pang'ono, mphindi zowerengeka kangapo pa tsiku. Kaitaneni, ndipo kakabwera kapatseni kanthu kakudya. Musamenye garu amene wabwera mutamuitana, ngakhale analakwa. Mukatero mwamuphunzitsa kusabwera.

5. Kazolowereni cingwe ca m'khosi kakali kakang'ono. Kaonetseni ana, nkhalamba, nkhuku, mbuzi, ng'ombe, ngolo ndi njinga kasanakwanitse miyezi 3. Uzani ana kuti kagaru sikasautsidwa pakudya kapena pogona.

6. Funsani a za ziweto za katemera wa parvo ndi matenda ena, ndi za mankhwala a njoka. Tiana timwa mankhwalawo masabata awiri ali onse kufikira masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6, ndipo garu wamkuru miyezi 3 iri yonse.

7. Ngati simufuna kuti garu wanu aswe kapena aziyendayenda, funsani dokotala wa ziweto za kufula wamphongo kapena kutseka wamkazi. Musayese nokha ndi mpeni.

Mukacita izi, kagaru sikadzasowa mnzace. Mnzace ndinu, ndi ana anu, ndi ziweto zanu.

NGATI MULI NATO KALE TIWIRI

Ndidziwa kuti ena mwa inu tiagaru tiwiri tiri kale pa khomo. Musatitaye ku thengo kapena pa mseu. Kumeneko ndi nkhanza, ndiponso ndiko kucurukitsa agaru opanda mwini amene afalitsa ciwewe. Njira yapafupi ndi kupereka kamodzi kwa mbale wodalirika tikali tating'ono. Ngati mufuna kusunga tonse, mudziwe kuti nchito yace iposa kawiri, pakuti muyenera kulera kali konse pa kokha.

Kali konse kakhale ndi mbale yace ndi pogona pace. Kali konse kakhale ndi munthu wace wokadyetsa ndi kukaphunzitsa. Mwina bambo atenge kamodzi, mnyamata wa mbuzi atenge kena. Tsiku liri lonse tilekane maora angapo: kamodzi kapite ku munda kapena ku dimba, kena katsale pa bwalo, ndipo mawa tisinthane. Pophunzitsa kamodzi, kena kakhale kosaonekera. Tisewere pamodzi ndithu, koma musatilole kuthamangitsa ciweto ngakhale mwa masewera, ndipo musatilole kucoka pa mudzi tokha. Citani cotero kufikira tikwanitse caka.

Alipo mabanja amene angathe zimenezi, makamaka a anthu ambiri ndi nkhokwe zazikuru, amene afuna garu wina ku khola ndi wina pa nyumba. Amenewo sindiwaletsa. Koma munthu asanabvomere tiwiri, adzifunse mafunso atatu. Kodi mu Febuluwale ndidzatha kudyetsa agaru awiri popanda kucepetsa nsima ya ana? Kodi alipo anthu awiri pa khomo pano amene adzapeza nthawi tsiku ndi tsiku? Kodi ndidzatha kulipira katemera ndi mankhwala a onse awiri caka ndi caka? Ngati yankho la funso limodzi lokha ndi ai, atenge kamodzi.

MAU OTSIRIZA

Inu amene agaru anu aswa, musakakamize mnzanu kutenga tiwiri cifukwa cofuna kupepukidwa; funani makomo ambiri, khomo liri lonse kamodzi. Inu mafumu ndi manduna, mau awa muwafikitse kwa amene sanabwere, ndipo tsiku la katemera likalengezedwa muone kuti garu ali yense wa m'mudzi mwanu waturuka. Inu anyamata, garu amene mumulera caka cino ndiye adzayenda nanu ku msipu zaka zambiri, mmera mpoyamba.

Akuru anati pawiri-pawiri sipauzirika. Lerani kamodzi, kalereni bwino, ndipo caka camawa kadzakuthandizani kulera kaciwiri. Amene ali ndi mafunso pa za katemera kapena mankhwala afike ku ofesi ya za ziweto ya boma lino, kapena aonane ndi mlangizi wa dera lao.